Tabuleti yandionetsa nkhope ya mkamwini

Lachiwiri la sabata yatha wakabaza anaima pakhomo panga kuno kwa Mauwa ndi kabokosi kokulungidwa m'mapulasitiki. "Katundu wanu wa ku Joni, mayi," anatero. Nditatsegula ndinapezamo chinthu chophwatalala ngati sileti ija tinkalembapo ku sitandade wani, kungoti ichi chinali chagalasi. Akuti dzina lake ndi tabuleti.

Owerenga anga, musandiseke. Ine amene ndimakulemberani sabata ndi sabata ndimalemba ndi bolopeni m'kope, mapepalawo n'kupita ku Limbe pa minibasi. Foni yanga ndi ija ya mabatani, yomangidwa ndi labala kuti batire isagwe. Batani lobiriwira poyankha, lofiira podula. Sukulu yanga ya zamakono inathera pomwepo.

Tabuletiyo anatumiza ndi mwana wanga Esinati, amene ali ku Joni ndi mwamuna wake. Masabata atatu apitawo anachira mwana wake woyamba, koma anachita kumupanga opaleshoni. Chitulukireni m'chipatala, ndikamuimbira yankho linali limodzi: "Tili bwino, amayi."

Komatu Esinati ndinamubereka ndine. Ali wamng'ono anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono, nakhala tsiku lonse osauza munthu, akuti ali bwino. "Tili bwino" wa Esinati sindimukhulupirira pokhapokha nditamuona m'maso. Kwathu kuno mwana akachira, mayi ake amakhala pambali pake, kumusambitsa ndi kumuphikira phala. Ine ndinali kuno kumenya nandolo, mtima uli m'mwamba, chakudya chosalowa.

Ndiye pafoni Esinati anandiuza kuti, "Lamulungu masana tidzaimba ya vidiyo, amayi. Mudzationa nokha."

Tsiku loyamba ndinachita zomwe ife timachita ndi chinthu chilichonse chabwino. Ndinaipukuta, n'kuiika m'kabati pamwamba pa mbale za alendo, n'kuifundika kansalu koluka. Ndinkangoizonda ndikamadutsa. Nanga ndikaidina polakwika n'kufa, ndikamuuza chiyani mwana?

Lachitatu m'mawa kunabwera Abiti Yusufu, mnzanga woyandikana naye nyumba. Ndi wamsinkhu wanga, koma poti amagulitsa zitenje pamsika, maoda ake amachitira pafoni yagalasi, ndipo pakamwa pake sipachedwa.

"Iii, achemwali, mwaika m'kabati? Ndiye mdzukuluyo mukamuonera m'kabati momwemo? Tatulutsani apa, musandichititse manyazi."

Tinakhala pamphasa. Anandionetsa kabatani kam'mbali koyatsira, galasi lija n'kuwala. Atati ndidine kachithunzi kobiriwira, ndinadina monga ndimadinira foni yanga, ndi mphamvu zonse za chala chachikulu. Tizithunzi tonse tinayamba kunjenjemera, inenso n'kuyamba kunjenjemera.

"Musakanikize ngati mukuyesa peyala ngati lapsa," anatero Abiti. "Ingokhudzani basi, n'kuchotsa chala."

Ndinakhudza. Zii. Ndinakhudzanso. Zii. Zala zomenya nandolo zinali zitauma gwa, moti galasilo silinkamva n'komwe kuti pali munthu. Atati ndisunthe chala kuti tsamba litembenuke, dzanja langa linachita lokha zimene lakhala likuchita ndi buku la nyimbo kutchalitchi chiyambire utsikana wanga. Ndinanyambita chala.

Tsamba linatembenukadi! Koma Abiti anagwa chagada ndi phwete. "Achemwali, chinthu cha ku Joni mukuchidyetsa malovu?"

Lachinayi ndinakhudza pena pake mosadziwa, ndipo pagalasi panatulukira gogo wina wamphuno zotambalala, atakwinya nkhope, akundiyang'ana ngati ndamubera nkhuku. Ndinatsala pang'ono kumupatsa moni. Anali ine. Ndinadzijambula chibwano kambirimbiri ndisanapeze potulukira, ndipo zithunzizo zikadali momwemo poti kufufuta sitinafikepo.

Lachisanu Abiti atabwerako kumzikiti tinayeserera. Iye anakhala pakhonde pake n'kumandiimbira, ine ndili pachulu kuseri kwa khitchini, poti netiweki ya kwathu imakonda pamenepo. Kasanu konse ndinakoka chofiira m'malo mwa chobiriwira. Kachisanu ndi chimodzi nkhope yake inatulukira, ikutafuna chinangwa. Ndinalulutira mpaka mbuzi zinabalalika.

Mukudziwa chimene ndinaona m'masiku amenewo? Chovuta si galasilo. Chovuta n'choti munthu wa imvi akhale pansi n'kunena kuti, "Sindidziwa, ndionetseni." Akuluakulufe tinazolowera kufunsidwa, osati kufunsa. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri muno m'Chiradzulu muli mafoni abwino otumizidwa ndi ana, akadali m'mabokosi awo pansi pa sutikesi, eni ake akunena kuti "izi n'za achinyamata." Za achinyamata bwanji, poti amene akufuna kuona mdzukulu ndi inuyo?

Lamulungu ndinabwerako kutchalitchi mothamanga. Ndinayala mphasa pachulu, ndinavala duku latsopano, ndinadzola mafuta m'manja kuti malovu apume. Abiti anabwera kudzakhala pambali. Tabuleti inalira. Ndinakoka chobiriwira, mwaluso ndithu ngati wa mu ofesi.

Galasi lonse linadzaza ndi nkhope ya mwamuna.

Anali a Makwinja, mkamwini wanga.

Apa ndiyenera kufotokozera achinyamata a m'tauni. Zaka zisanu ndi chimodzi zapita a Makwinja atakwatira mwana wanga, koma ine sindinawayang'anepo kumaso. Ndi mmene tinaleredwera: mpongozi ndi mkamwini sapenyana. Chaka chija ankakhala pakhomo pano, tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'chimanga. Moni tinkapatsana chapatali, aliyense atayang'ana kumbali. Ndinkawadziwa mawu, nsapato ndi nkhongo. Pamsika wa Limbe mukanandiuza kuti ndiwaloze atayang'ana kuno, ndikanaloza munthu wina.

Ndiye mukuganiza kuti ndinatani? Ndinaivundikira tabuleti ija pamphasa, n'kutembenukira ku nthochi.

"Muli bwanji kumeneko, apongozi?" ndinafunsa nthochizo.

"Tili bwino, amayi, kaya inu kumeneko?" mawu anatuluka pansi pa tabuleti.

"Ifenso tili bwino. Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda pang'onopang'ono, amayi. Nanga nandolo wachita bwanji chaka chino?"

Ndinatukula tabuleti pang'ono kuti ndisuzumire. Pagalasi panali denga ndi babu. Nawonso anali atagoneka foni yawo chagada! Tangoganizani: katundu wodula wayenda mtunda wonsewo, ine ndavutika masiku asanu, bandulo ikutha, ndipo wina akuonetsa denga, wina mphasa, tikufunsana za nandolo mwaulemu wonse.

Abiti misozi inali mbwembwembwe ndi kuseka. Kumbali inayo ndinamva Esinati akuti, "Musandiseketse inu, bala likupweteka! Amayi, tukulani tabuletiyo. Ine sindingagwire foni, ndikuyamwitsa. Agwira ndi bambo ake mwanawa."

Denga lija linayenda, kenaka ndinamuona mwana wanga.

Anali atatsamira mapilo, kakhanda kali pabere. Anali ataonda. Masaya aja anali atalowa, koma maso anali owala, milomo yosauma. Ndinasendeza nkhope pafupi ndi galasi.

"Esinati, undiuze zoona. Wakhala bwino masiku onsewa?"

Anayang'ana pansi monga ankachitira ali mwana. "Sabata yachiwiri bala linatupa, thupi n'kutentha. Ndinabwerera kuchipatala, ndinagonako masiku anayi. Sindinafune kuti mudandaule. Koma pano ndachira, amayi, zoonadi."

"Nanga amakusambitsa ndani? Phala amakuphikira ndani?"

"Omwe agwira foniwa. Anapempha tchuti kuntchito. Matewera akuchapa ndi iwo, phala akuphika ndi iwo. Loyamba linali la mibulu, koma pano adziwa."

Ntchito yonse ija ndinkalira kuti ndalephera kumuchitira mwana wanga, kunali munthu amene ankaigwira. Ndipo munthuyo ine ndinali nditangomuvundikira pamphasa.

Ndinakonza duku.

"Apongozi," ndinatero, "tatembenuzani foniyo. Ndikufuna ndikuoneni."

Ngakhale Abiti anasiya kuseka.

"Ine, amayi?"

"Inu nomwe."

Chithunzi chinagwedera, kenaka anatulukira. Mwamuna wamaso ofiira ndi tulo, ndevu zosameta, thewera lili paphewa. Ankayang'ana pansi, n'kudzutsa maso, n'kuyang'ananso pansi. Inenso chimodzimodzi. Koma ndinalimba mtima mpaka maso athu anakumana.

"Zikomo, bambo," ndinatero. "Mwandisungira mwana."

"Ndi udindo wanga, amayi," anayankha.

Kenaka anandionetsa kakhanda kaja pafupi. Mphumi yotakata, makutu oima ngati akufuna kumva za kwa aneba. Ndinaseka mpaka misozi. Mphumi imeneyo ndi makutu amenewo ndinali nditangoziona kumene pa munthu wamkulu. Ndikanapanda kuyang'ana, bwenzi lero ndikufufuza kumtundu kwathu kuti makutu otere anachokera kwa yani.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza mwambo. Manyazi a pakati pa mpongozi ndi mkamwini asunga mtendere m'makomo ambiri, chifukwa anthu osapenyana satukwanana. Koma mwambowo unapangidwa nthawi imene mkamwini ankagona kuseri kwa nyumba yako, ndipo mwana wako akadwala unkangodutsa pabwalo n'kukamuona. Lero ana athu ali ku Joni, ku Lilongwe, ku Mzuzu. Akadwala, amene ali pambali pawo si ife. Ndi munthu uja timamuthawira m'chimanga. Kodi ulemu wathu ukhale woti tisadziwe ngati watopa, ngati walira, ngati nayenso akufuna womufunsa kuti wadya?

Ine ndaona kuti mkamwini wanga ndinamuchita zomwe ndinachita ndi tabuleti tsiku loyamba. Ndinamulemekeza, n'kumuika m'kabati, n'kumufundika kansalu.

Kwathu kuno manyazi otere sathera pakamwa pokha, pamafunika kamphatso. Tambala wanga wofiira ndamuuza kale kuti adye bwino, chifukwa pa Khirisimasi a Makwinja akubwera, ndipo ndidzawapatsa m'manja, osati kudzera mwa munthu.

Tabuleti ija m'kabati sinabwereremo. Ili patebulo, galasi lake lili ndi zidindo za zala zanga, ndipo pena ndimaiwala n'kunyambitabe. Kufufuta zithunzi sindinadziwebe. Koma dzulo ndinaimba ndekha, popanda Abiti, ndipo atayankha a Makwinja sindinayang'ane nthochi.

Nanga inu anzanga, mdzukulu wanu akabadwa ndi makutu achilendo, mudzadziwa kumene achokera?