Wilibala ya Alendo

Ku ntchito ankawatchula a Fosholo, ndipo dzinali linawatsatira mpaka kunyumba, moti mkazi wawo akapsa mtima ankati, "Inu a Fosholo, nsapato zasimentizo zitsale panja." Anayamba kusakaniza konkire ndevu zisanamere. Zaka khumi ndi zinayi zinatha osakwezedwa, osachotsedwa. Zikhatho zawo zinali zosweka ngati dothi la m'chilimwe, ndipo akamasisita mwana wawo pamutu, tsitsi linkakola m'ming'alumo. Mwanayo anali mtsikana wowonda, mmodzi yekhayo. Bambo ake anamutcha Kamsomali, choncho mayiyo anakhala make Kamsomali.

Luso la a Fosholo linali limodzi, ndipo ankalinyadira. Pamalo pomanga pakabwera oyesa konkire, amathira pang'ono m'tizikombole tachitsulo, ikauma n'kukaiphwanya ndi makina kuti aone kulimba kwake. Kulikonse kumene a Fosholo anagwirako, konkire yoyesayo sinkachokera mu yomangira. Kapitawo ankangotsinzinira diso, iwo n'kupita kuseri kukasakaniza wilibala yapadera, simenti yambiri, madzi ochepa, miyala yosankha. Anzawo ankaitcha wilibala ya alendo.

"Si bodza limenelo," ankatero kwa mkazi wawo. "Kukamabwera apongozi, iwe sutulutsa mbale zabwino zija?"

Make Kamsomali ankaseka nawo. Nthawi imeneyo zinali nkhani za nyumba za eni.

Kenako kunabwera ntchito yomanga sukulu yosanja pafupi ndi kwawo, kungodutsa misewu iwiri. Ntchitoyo inali ndi mlendo wake, mayi wa ku yunivesite amene ankafufuza mmene ntchito zomanga zimayendetsedwera. Ankabwera Lachiwiri lililonse ndi chipewa cholimba choyera mbuu, n'kumafunsa kuti simenti yafika liti, ndani walamula chiyani, mwachedwa chifukwa ninji. Anali munthu wabwino. Ankapereka moni wa pamanja ngakhale kwa onyamula mchenga. Tizikombole ankabwera nato yekha, ndipo a Fosholo ankamudzazira mwaulemu wonse kuchokera mu wilibala ya alendo. Lachitatu kapitawo ankabwerera ku zake: onjezani mchenga, thirani madzi iziyenda msanga. Mitengo yochirikiza denga la konkire anaichotsa patangotha masiku asanu ndi anayi, konkireyo isanalimbe, poti inkafunika pa ntchito ina.

Sukulu itatsegulidwa, Kamsomali anali atakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lokamulembetsa anapita onse atatu. Makolo ena ankasirira mazenera ndi penti. Make Kamsomali ankayang'ana mwamuna wake, chifukwa chilowereni m'kalasi yapansi ya mwanayo, bamboyo maso anali kudenga basi.

"Mwaona chiyani, bambo a Kamsomali?"

"Palibe."

"Munthu sayang'ana palibe mpaka khosi kuwawa."

Anawaumiriza masiku atatu. Tsiku lachinayi, akumanga zingwe za nsapato, a Fosholo ananena zonse osakweza mutu: za mchenga, za madzi, za mitengo ija.

Kuyambira pamenepo mayiyo anayamba kumuperekeza mwana mpaka m'kalasi. Pakati pa denga, kutsogolo, panali mng'alu woonda ngati ulusi. Anawerenga matailosi apansi kuti adziwe kutalika kwake: anayi. Patatha mwezi anali asanu ndi limodzi. Pamwamba pake pankakhala ana akuluakulu makumi asanu ndi awiri, ndipo akamadzuka onse pamodzi kupereka moni kwa aphunzitsi, phokoso la mipando linkamveka m'mano.

Anapita kwa ahedi. Iwo anamwetulira n'kuloza pepala lomwe linali m'felemu pakhoma. "Mayi, a yunivesite anachita kafukufuku pano chaka chathunthu. Sukulu ino anailemba ngati chitsanzo. Ndiye inu mwaphunzira kuwaposa?"

Make Kamsomali analekeza sukulu atatsala chaka chimodzi kuti amalize sekondale. Anangoti zikomo.

Anakoka mwamuna wake mpaka ku yunivesite. A Fosholo anavala malaya a ukwati wawo, ndipo pa masitepe ankagogoda khoma ndi chala mwachizolowezi. Wofufuza uja anawazindikira msanga, nawapatsa mipando. Anatulutsa buku lochindikala, n'kuwaonetsa tsamba la mizere yokwera m'mwamba.

"Konkire yanu ija, bambo. Sindinapezepo yolimba chonchi kwina kulikonse."

"Ija inali ya alendo, mayi," anatero a Fosholo.

Anafotokoza pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Wofufuzayo anavula magalasi, naika dzanja pa buku lake.

"Tizikombole tonse?"

"Tonse. Ndinkafuna musachite manyazi kumene mukupita."

"Ndiye mwana wanga achoke, kapena asachoke?" anafunsa make Kamsomali.

Wofufuzayo analizemba funsolo. Anati kafukufuku anatsekedwa chaka chatha, bukulo linasindikizidwa kale, ndipo kuti denga liyesedwenso pafunika chilolezo cha eni sukulu ndi makina obowolera omwe iye alibe. Anati alemba kalata. Anaoneka kuti akunena zoona, ndipo maso ake anali ofiira powatsanzika. Miyezi inayi yadutsa. Mwina kalatayo inalembedwa, mwina ili pa tebulo la munthu wina, pansi pa zinzake.

Sukulu ina ili kutsidya kwa msewu waukulu wa malole, ndipo kumeneko anati malo adzadza mpaka chaka chamawa. Make Kamsomali anamusunga mwana pakhomo sabata imodzi. Kamsomali ankalira pazenera poona anzake akudutsa ndi zikwama, ndipo aneba anayamba kufunsa ngati akudwala. Lolemba lotsatira anamuvekanso yunifolomu.

Anapempha aphunzitsi kuti mwanayo azikhala pafupi ndi khomo.

"Timakhazika potengera msinkhu, mayi. Wanuyu ndi kachitsotso, kumbuyo saona bolodi. Malo ake ndi kutsogolo, pakati."

A Fosholo tsopano akumanga chipatala kumbali ina ya tawuni. Samasekanso za mbale za apongozi. Tsiku lina mkazi wawo anaona simenti yochuluka m'zikhadabo zawo, yakuda bii, yosiyana ndi ya masiku onse.

"Kunabwera alendo?"

"Ndikakana ine, asakaniza wina," anatero. "Ndiye ine ndikhala pakhomo, tizingoyang'anana."

M'mawa uliwonse pa geti ya sukulu mayiyo amagwada n'kumanga bwino kolala ya mwana, n'kumubwereza mawu omwewo: ukamva chinthu chikulira kudenga, usatenge chikwama, usadikire aphunzitsi, thawira panja. Kamsomali amayankha ngati nyimbo, maso ali kwa anzake.

Dzulo masana anabwera akudumphadumpha, atakhoza masamu onse. Mayi ake anamukhazika pamiyendo kuti amupese. M'tsitsi munali tinthu toyera, tambiri.

"Ndi choko, amayi."

Anatola pang'ono n'kufikisa pakati pa zala. Choko chimaterera. Izi zinkakanda ngati mchenga.