Madzi Okwera Phiri

Matipate itangobwera, anthu akwathu kufupi ndi Kasakula anaphunzira yankho limodzi. Ukati tiyeni tikalambule msewu, ankangoti, "Thangata inatha, ino ndi demokalase."

Ine ndinali m'chaka chomaliza kuyunivesite, ndikuphunzira masamu. Kafukufuku wanga anali wa kasupe wa paphiri la kutsidya: kodi madzi ake atalowa m'paipi angatsike chigwa n'kukweranso mpaka pamudzi pathu popanda injini? Pa kompyuta paipiyo ndinaidula tizigawo tambirimbiri. Makinawo ankayerekeza yankho, kuona polakwika, kukonza, kuyerekezanso, mpaka nambala zitasiya kusintha. Nditawafotokozera amayi anati, "Ndiye kuli ngati kuthira mchere m'ndiwo, kulawalawa?" Ndinavomera, ngakhale aphunzitsi anga akanamva akanagwira pakamwa.

Yankho linati madzi adzafika, ochepa koma osaleka. Mapaipi anapezeka kumishoni, okumba ngalande ndiwo anasowa. Amalume anga, alongo awo a amayi, anaseka ali pabawo. "Madzi kukwera phiri? Mwanayu sukulu yamuzunguza mutu."

Lamulungu amayi anaimirira m'tchalitchi. "Mwana wanga wawerengetsa. Madziwo akapanda kufika, mudzanene ine." M'mawa mwake amayi anzawo anatenga makasu. Apo m'pamene mantha anandigwira. Nambala zikananama, ine ndikanathawira kutauni, koma amayi akanatsala pamudzi ndi dzina la wabodza amene anakumbitsa anzake pachabe.

Tsiku lotsegula, mpopi unangotulutsa mpweya. Unatsokomola, kenako zii. Amalume anayamba kukonza kukhosi kuti alankhule. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anatchera ndowa yawo pampopipo n'kuima pomwepo, manja m'chiuno.

Poyamba panatuluka matope. Kenako madzi, aang'ono ngati chala, monga momwe nambala zija zinanenera. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Ndinalira, sindibisa, ndipo sindinanyadepo choncho ngakhale tsiku lolandira digiri.

Amalume anasendera ndi kapu m'manja, ati alaweko. Amayi anawatsekereza.

"Pepanitu achimwene, awa ndi madzi a thangata. Inu a demokalase, kasupe mukudziwa kumene ali."

Anawamwetsa ndithu, koma ndowa za amayi onse amene anakumba zitayamba zadzaza.