Anati Adzandilankhulira

Amene anandigulitsa ndi kochi wanga. Ndiye anandituma kuti ndikagwetse munthu pa ayezi, ndipo munthuyo atavulala khosi, kochi yemweyo anakakhala pamaso pa komiti ya mwambo n'kunena kuti iye sanatume aliyense, ine mutu wanga ndi wotentha kuyambira kale. Ndinali ndi zaka makumi awiri. Ndinali pampando woyandikana naye, nditavala tayi, manja pamaondo, kukamwa kuli chete, chifukwa dzulo lake anali atandiuza kuti ndisakalankhule kanthu.

Masewera ake ndi hoke ya pa ayezi. Abale a ku Zomba ndikawauza pafoni ankaseka, amati ndikunama, munthu angathamange bwanji atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi? Koma ndi zimene ndinkachita. Ndinabwera ku London ndili ndi zaka khumi, kutsatira mayi anga amene anali namwino, ndipo tinkakhala ku Lewisham pamwamba pa shopu ina. Kochiyo anandipeza patapita zaka ziwiri, Loweruka lina, nthawi imene aliyense amaloledwa kulowa pa ayezi n'kumangozungulira. Anali mzungu wa ku Canada, wamfupi, wa mano oikirira, chingamu sichichoka pakamwa. Anandiona ndikukankhana ndi anyamata aakulu kuposa ine, n'kundiitana. Anandipatsa ndodo yosewerera, chisoti ndi nsapato zakale za mwana wake. Mayi akakhala ku ntchito ankandiperekeza kunyumba pa galimoto yake.

M'galimoto imeneyo ndi mmene ndinkakhuthula za kumtima. Za bambo anga amene anatsala kumudzi n'kukwatira wina. Za tsiku limene apolisi anandichenjeza nditamenyana pa siteji ya basi. Za sukulu, imene anandichotsa ndili ndi zaka sikisitini nditathyola mphuno ya mnyamata amene ankakonda kutsanzira Chingerezi cha mayi anga. Za mphuno imeneyo mpaka pano sindidandaula. Kochi ankangomvetsera, n'kumati, "Ukali umenewo usautaye mumsewu, mwana wanga. Uzibwera nawo kuno."

Ndinabwera nawodi. Pofika zaka naintini ndinali mu timu ya akuluakulu, ya mu ligi yolipidwa kangachepe, moti masana ndinkanyamulabe makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Croydon. Zigoli zanga mungaziwerenge ndi dzanja limodzi. Ntchito yanga inali ina, ndipo aliyense ankaidziwa. Mu hoke kugunda munthu ndi thupi n'kololedwa, bola ukumuona kumaso kapena kumbali. Timu iliyonse imakhala ndi munthu wake woti adani akayamba kuzunza anyamata ogoletsa, iye apite akawakumbutse. Kwathu munthuyo ndinali ine.

Kochi wathu anali ndi kachitidwe kake. Sankanena kuti pita ukamugunde, ayi. Ankaima kumbuyo kwa benchi ndi pepala lopindapinda ngati ndodo, n'kukugogoda nalo kawiri pachisoti, kenako n'kutchula nambala ya pa jezi ya munthu. Basi. Ukabwerako akupatsa botolo la madzi ndi dzanja lake. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake, koma palibe amene anamvapo mawu oti angakanene kwina.

Linali Lamulungu masana. Alendo anali ndi mnyamata wa nambala seventini, wothamanga ngati watenthedwa, ndipo anali atatichinya kale ziwiri. Anali atamenyanso kaputeni wathu pamkono ndi ndodo, refa osaona. Ndinamva go, go, pachisoti. "Seventini." Ndinalumpha matabwa otchinga bwalo n'kulowa.

Pano ndisaname. Pali lamulo limene mwana aliyense amaphunzira asanadziwe n'kuima bwino pa ayezi: ukaona nambala ya kumsana, usagunde, chifukwa munthuyo sakukuona ndipo mutu wake ukulunjika kukhoma. Seventini anali pakona, atawerama, akulimbana ndi kampira kafulati ka hoke pansi pa matabwa. Nambala ndinaiona bwinobwino, wani ndi seveni zoyera. Ndinali ndi nthawi yoti ndikhote. Sindinakhote. Phokoso lake linali ngati munthu wagwetsa kabati. Anthu anakuwa mokondwa, kenako kukondwa kuja kunazima pang'onopang'ono ataona kuti miyendo yake sikusuntha. Anamunyamula pa machira, khosi litamangidwa. Refa anandilozera khomo osandiyang'ana n'komwe.

M'chipinda chovalira ndinasanza. Kochi analowa, n'kundigwira pakhosi kumbuyoku. "Ndi masewera, mwana wanga. Zimachitika."

Kalata ya komiti inabwera mkati mwa sabata yomweyo. Dzulo lake la mlandu kochi anandiitanira mu ofesi yake. "Tamvera. Anthu amenewa ndikuwadziwa zaka zambiri. Iwe pakamwa pako mpamoto, ukatsegula watha. Ukavale tayi, ukakhale chete. Ndidzakulankhulira ine. Chilichonse chimene ndinganene, usadabwe, ndikudziwa chimene ndikuchita."

Nditawauza mayi, mtima wawo unakhala pansi. Anali akusita shati yanga, akadali mu yunifolomu.

"Ambuye awadalitse a kochi," anatero. "Bambo ako kulibe, malume ako ali kutali, ndiye iwowa ndi amene akuimire ngati kholo. Kwathu mwana akalakwa sapita pabwalo kukadzilankhulira, amamulankhulira wamkulu. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Usakawadule mawu. Ndiponso maso akowo, umayang'ana anthu ngati ukufuna kuwameza. Ukaweramitse mutu. Akuluakulu aone kuti unaleredwa."

"Nanga akandifunsa?"

"Ukayankhe mwachidule. Inde bwana, ayi bwana. Usakayambe zako zija za koma, koma."

Anandipempherera atandigwira mutu, n'kuthamangira basi.

Mlandu unachitikira m'kachipinda ka misonkhano pa hotela ina pafupi ndi siteshoni, m'mawa. Anthu atatu kuseri kwa tebulo, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa magalasi, ndi wailesi yakanema pa kangolo. Anaonetsa vidiyo ija katatu. Kamera inkatsatira mpira, benchi sinkaoneka. Ine sindinayang'ane. Ndinkaona kapeti, yofiirira, ya timadontho. Sindikanatha kuonanso khosi lija likupindika, komanso ndinali nditauzidwa kuti ndiwerame.

Wapampando anafunsa kochi ngati panali amene analamula kuti nambala seventini agundidwe. Apa muyenera kudziwa kuti kochi akapezeka kuti anatuma wosewera, chilango chake chimakhala chachikulu kuposa cha wogundayo.

"Ayi," anatero kochi. "Ndinauza benchi yonse kuti isunge mwambo. Anyamata angachitire umboni."

Ndinati chabwino, mwina ndi njira yake. Kenako ndinamva pepala likutuluka m'thumba. Anayamba kuwerenga ndi mawu achisoni, ngati m'busa pamaliro. Kuti mnyamatayu timu yamuchenjeza katatu. Bodza, palibe ndi tsiku limodzi lomwe. Kuti anachotsedwa sukulu chifukwa chothyola mphuno ya mnzake. Kuti apolisi akumudziwa. Kuti kunyumba kulibe bambo. Zonse za m'galimoto zija, mwadongosolo, chimodzi chimodzi. "Tayesetsa, akuluakulu. Ine ndamutenga ngati mwana wanga. Koma akapsa mtima samva munthu."

Mukundidziwa tsopano, munthu amene ndinamenyana pa siteji ya basi chifukwa cha kuponderezana phazi. Tsiku limodzi lokha limene ukali wanga ukanandithandiza, ndinaukhalira. Ndinkadziuza kuti akufuna andimvere chisoni, akufuna aone kuti ndine mwana wovutika, kumapeto atembenuza nkhani. Anati ndisadabwe.

Mayi wa magalasi uja anatchula dzina langa. "Tikufuna timve kwa inu. Pali amene anakuuzani kuti muchite zimenezi?"

Pansi pa tebulo dzanja la kochi linagwira bondo langa, n'kufinya pang'ono.

"Ayi, mayi."

"Muli ndi choonjezera?"

"Ayi, mayi."

Anadikira. Ndikukumbuka kuti anadikira nthawi yaitali, cholembera chili m'mwamba. Ine maso pa kapeti.

Panja kochi anandisisita paphewa, nati zayenda bwino, n'kukwera takisi yekha.

Chigamulo chinabwera pa positi. Anandiletsa kusewera nyengo yonse yotsalayo ndi ina yathunthu yotsatira. Koma chimene chinandiwotcha ndi chiganizo chimodzi chapakati. Analemba kuti wosewerayu sanayang'ane komiti ngakhale kamodzi, anakana kuonera vidiyo, ankayankha mwamwano ndi mawu awiri okha, ndipo sanaonetse chisoni chilichonse. Za kochi analemba kuti akumuthokoza chifukwa cholankhula moona mtima. Tsiku lotsatira timu inanditumizira uthenga pafoni kuti dzina langa lachotsedwa, ndikatenge katundu wanga pakhomo kwa mlonda.

Mayi anawerenga kalatayo ataimirira. Anaibwereza. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndine ndinakuuza kuti uwerame," anatero.

"Si inu, amayi."

"Ndine. Ndinkaganiza kuti ulemu ndi umodzi dziko lonse."

Sanalire. Anapinda kalata ija n'kuiika m'Baibulo. Ine ndinatuluka n'kukamenya foni yanga pakhoma la njerwa mpaka mabatani anamwazika.

Ndinayesa anzanga a mu timu. Ndinati aise, nonse munaona pepala lija, tiyeni tikanene. Wina anati anali kumanga chingwe cha nsapato. Wina anati anali kumwa madzi. Kaputeni, amene ndinkabwezera mkono wake, anakumana nane pa thiramu, kasitima ka mumsewu, ku Croydon n'kundiuza zoona zake: kochi ankayembekezera udindo wophunzitsa makochi ena, ndipo chilango chikanamutayitsa mwayi umenewo. "Komanso iwe unanena wekha kuti ayi. Ife tikanene chiyani?"

Patapita miyezi ndinalemba kalata kwa seventini, kudzera ku timu yake. Sindidziwa kulemba zokoma. Ndinangoti ndine amene ndinakugunda, ndinakuona kumsana, pepani, nambala ya foni yanga yatsopano ndi iyi ngati mukufuna kunditukwana. Anaimba ndili pa nthawi yopuma ku ntchito. Anatukwanadi, mphindi zingapo, ine ndikungomva. Atatopa anandiuza kuti akuyenda, koma hoke yatha. Fupa la m'khosi analimanga ndi chitsulo. Ntchito yake inali ya magetsi, yokwera m'madenga, ndipo anali ataisiya. Poyendetsa galimoto sangatembenuke kuti aone mwana wake wamkazi kumpando wakumbuyo.

Ndinamuuza za pepala ndi chisoti. Anaseka kuseka kouma. "Ndinadziwa. Kochi wathu amakoka khutu. Koma wako sanandiimbirepo. Iwe wekha ndiwe wandilembera."

Nyengo yotsatira ili pakati, kochi anandiimbira. Mawu ake anali ngati tinasiyana dzulo. Anati ndipite tikamwe tiyi, ali ndi nkhani yabwino. Ndisakubisireni, ndinapita ndi chiyembekezo. Ayezi ndinkamulota. Fungo lozizira la ayezi linandimenya ndili pakhomo la bwalo. Ndinaganiza kuti mwina wapita kukaulula.

Tinakhala m'kantini ya pamwamba, yoyang'ana pa bwalo. Anaitanitsa tiyi awiri. Udindo uja anali ataupeza, jekete lake linali ndi chizindikiro chatsopano pachifuwa.

"Wanenepa," anatero, akuseka. "Makatoni akukudyetsa bwino, eti? Tamvera, chilango chako chikutha miyezi ikubwerayi. Anyamata akukankhidwa ngati ana, palibe amene akutiopa. Ndalankhula ndi eni timu. Malo ako alipo."

"Nanga zija munanena kukomiti?"

Anagwedeza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche. "Zija zinapita. Ndikanagwa ine, timu yonse ikanagwa, ndiye lero ukanabwerera kuti? Iwe ndiwe mwana, chaka ndi theka si kanthu. Aliyense amasenzako mtolo wa timu. Ndipo pano anthu akukuopa kuposa kale, dzina lako lokha likugwira ntchito."

Pansi paja makina osalaza ayezi ankazungulira, akusiya madzi onyezimira. Ndinadziwa kuti ndikangoti inde, ndibwerera pamenepo, ndipo palibenso timu ina mu ligi imene ikanatenga munthu wa kalata ngati yanga. Dzanja langa linali litagwira kale kapu, ndipo ndinkadziwa kumene inkafuna kupita, kumaso kwake. Ndinaisiya. Ndinatenga cholembera cha pa kauntala, n'kulemba nambala ya foni ya seventini pa kapepala kopukutira pakamwa, n'kumukankhira. Ndinaimirira, mpando unagwa kumbuyo, anthu onse m'kantini anatembenuka. Sindinatsitse mawu.

"Muimbireni munthu ameneyu. Ine mbali yanga ndamuuza, yanu mumuuze nokha, ndi pakamwa panu. Mukamaliza mukauzenso anthu atatu a komiti aja. Simudzatero, ndikudziwa, chifukwa ndinu wamantha, mumathyola makosi a anthu ndi mapewa a ana a eni ake. Ine hoke ndimaikonda kuposa mmene inu mudzaikondere, koma bola ndinyamule makatoni mpaka msana upindike kusiyana n'kukuthyolerani munthu wina. Mukufuna galu woluma, mukagule. Tiyi wanuyo mumwe nokha."