Mdzukulu Amene Anakana Kukumba Manda Achiwiri

Ndalemba nkhaniyi chifukwa anzanga a kukoleji akamakamba za misewu ya njinga yolumikiza maboma onse a dziko lino, amangotchula mtunda ndi kukongola kwa mapiri, osatchula anthu okhala m'mbali mwa misewuyo. Zimene ndikunenazi n'zoona ndithu, ndipo chipsera chake chili pachigongono panga.

Ndili m'chaka choyamba, gulu lathu la okonda njinga linagawana misewu yafumbi yoti tiiyese pa tchuthi, kuti tidziwe imene ingayenere apaulendo wautali. Ine anandipatsa wochoka ku Dowa kulowera kumapiri a Ntchisi, poti kwathu ndi ku Bowe. Dzuwa litapendeka ndinafika pamtsetse wautali, ndipo ndili pakati pake ndinaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Ndani sadziwa kuti masamba otere amatanthauza maliro, ndi kuti wapanjinga ayenera kutsika n'kuyenda pansi? Ndinagwira mabuleki, koma waya wakumbuyo anaduka, wakutsogolo n'kumangolira osagwira.

Nditakhota, ndinaona khamu likutsika kupita kumanda, amayi a mpingo akuimba, bokosi lili pamapewa. Kumanja kunali chigwembe chakuya, kumanzere munda wa fodya. Ndinakuwa, amayi anapatuka, koma onyamula bokosi akanathawira kuti? Ndinaona kuti ndisankhe chigwembe, pakuti kugwetsa maliro a eni ake sindikanatha, ndipo ndinakumbukira mayi anga amene anagulitsa mbuzi kuti ndiphunzire.

Pamenepo mdzukulu wina, mmodzi wa okumba manda amene anali m'khamumo, anataya khasu, nandilumphira n'kundigwira m'chiuno, ndipo tonse tinagwera m'mizere ya fodya. Njinga inapita yokha kuchigwembe, tinangomva kulira kwa zitsulo.

Mantha anga sanathe, chifukwa anyamata ena anandizungulira, akunena kuti ana a sukulu anyoza mwambo, ndipo ndimangidwe pamtengo mpaka mwambo utatha. Koma mdzukulu uja, akupukuta magazi pamlomo, anawauza kuti iye wakumba kale manda amodzi, mkono watopa, ndipo wofuna kundipha ayambe wabwereka khasu. Anandifunsanso ngati kukoleji amatiphunzitsa kuthamangira kumanda tisanaitanidwe. Anthu anaseka, ngakhale ena a misozi m'maso.

Kenaka mayi wamasiye, mkazi wa malemuwo, anang'amba mpango wake nandimanga chigongono. Ananditcha mwana wawo, nati amuna awo anakalambira pamtsetse womwewo akunyamula fodya panjinga, ndipo sakanalola kuti mlendo avutitsidwe pa tsiku lawo. Ndinaperekeza nawo maliro, ndipo madzulo anyamata omwe aja ndiwo anatulutsa njinga yanga m'chigwembe.

Lero ndimakhulupirira kuti misewu imeneyi ikadzatheka, odzateteza apaulendo ndi eni midzi. Inu okwera njinga, yesani mabuleki musanayambe mtsetse uliwonse, pakuti masamba mungawaone mochedwa monga ndinachitira ine.

Ngati ndalakwitsa pofotokoza mwambo kapena malo, chonde ndikonzeni. Ndipo ngati alipo wodziwa mdzukulu wa chipsera pamlomo kumapiri kumeneko, amuuze kuti wapanjinga amene iye anakana kumukumbira manda uja akumaliza maphunziro chaka chino.