Bu Chun-hwa ndi Hatchi Yodana ndi Phokoso

Bu Chun-hwa ndinamuphunzitsa ine ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ankagona m'kalasi mwanga. Anthu ankati n'kutopa, poti ankathandiza amayi ake kumira m'nyanja kutola nkhono. Chabwino. Nanga bwanji kwa mphunzitsi wa nyimbo sankagona? Zimenezo sindinaiwale.

Sukulu anasiyira panjira. Anamira m'nyanja zaka zinayi mpaka khutu limodzi linagontha, ndiye anawolokera ku Osaka, ku Japan, kukamata nsapato mufakitale. Atabwerako anagulitsa matikiti m'basi ku Busan, kenako anayamba kusambitsa odwala m'chipatala china. Mwini wake amati kumeneko ndi kumene anaona kuti odwala ankaululira iye, wonyamula ndowa, zimene ankabisira adokotala. Anabwerera kusukulu ali ndi zaka makumi anayi, nakhala mlangizi wa anthu ovutika maganizo. Anagwira ntchito m'ndende ya amayi, anakhalanso pakati pa akazi a asodzi amene nyanja sinawabweze. Atatopa ndi mipando ndi makoma, anabwerera kuno kuchilumba cha Jeju, anagula mahatchi atatu amene ankapita kokaphedwa, n'kukhazikika kumtunda kwa munda wanga wa manachesi. Mahatchiwo agumulapo mpanda wanga wa miyala kawiri. Anakonza, inde, koma mokhota.

Tsono chaka chatha mkazi wanga anasamukira m'nyumba yaing'ono ya pabwalo, ndi mapoto ake omwe. Pathebulo anandisiyira pepala lothetsa ukwati, atadindapo kale chidindo chake. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi! Mwana wathu Eun-ju analira pafoni mpaka tinavomera kupita kwa Chun-hwa pepalalo lisanafike kukhoti.

Tinamupeza atavala nsapato za mphira, akutuluka m'khola.

"Aphunzitsi! Nkhope ikadali yomwe ija? Ndinkayesa munaisiya kusukulu popuma ntchito."

"Iwe ukadagonabe masana?"

"Lankhulirani mbali ino, khutu ilo ndinapereka kwa nsomba."

Ine ndinakonzeka kukhala pampando ndi kufotokoza mbali yanga mwadongosolo. M'malo mwake anatitengera kubusa, dambo lalikulu lotsetsereka, n'kundipatsa bulashi. Pafupi panaima Bori, hatchi yaikazi yofiirira, yopanda chingwe.

"Lamulo ndi limodzi," anatero Chun-hwa. "Amayi azilankhula, inu muzipesa. Bori anakulira kumpikisano wothamanga, anamukalipira mokwana, ndiye mawu akangokwera amanyamuka. Akachoka mukamutenga nokha, amayi adikira."

Ndinayamba kupesa. Mkazi wanga anatsokomola pang'ono.

"Bambo a Eun-ju, akulu anga ku Osaka akudwala, ndipo..."

"Kwa mwamuna wawo uja? Amene anandikhazika pafupi ndi chitseko pa ukwati wa mwana wake mu 1988, ine mphunzitsi?"

Bori ananyamuka. Sanathamange. Anangoyenda mwaulemu mpaka kumunsi kwenikweni, kumpanda. Ndinatsetsereka, ndinamunyengerera ngati mwana wa mlendo, tinakwera chitunda kubwerera.

"Mwamunayo anamwalira kalekale," anatero mkazi wanga.

"Anamwalira osapepesa!"

Bori uyo, kumpanda. Pobwera ulendo wachiwiriwu ndinawapeza awiriwo atakhala pamwala, akusenda manachesi.

"Okoma awa, Aphunzitsi," anatero Chun-hwa. "Nthambi yanu inadzera yokha kwathu."

Zimene ndinamuyankha sindilemba pano. Bori anazimva, ndipo ndinatsetserekanso kachitatu. Mkazi wanga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Chun-hwa, hatchi imeneyi ndi yanzeru kuposa ine. Ine ndinkakhala pompo mpaka msuzi kuzizira."

Nditakwera ulendo wachitatuwo mpweya wolankhulira ndinalibe. Ndinatsamira Bori, bulashi ikuyenda yokha. Ndipo mkazi wanga analankhula mpaka kumaliza. Adokotala anati akulu akewo mwina saona maluwa a chaka chamawa. Anayesa kundiuza katatu, ndipo katatu konse ine ndinakamba za chitseko.

"Ndege ndikuidziwa, ndikanatha kupita ndekha," anatero. "Koma pobwera ndikanamva nkhani ya chitsekoyi mpaka tsiku langa lomaliza. Ndiye ndinati ndipite ndilibe mwamuna, ndikalire mwamtendere."

Yankho ndinali nalo, la mfundo zitatu, ndipo zonse zinali zoona. Nditakoka mpweya, Bori anatembenuzira khutu kwa ine, nanyamula mwendo wakutsogolo. Ndinayang'ana mtsetse uja. Ndinayang'ana mkazi wanga, amene anagwira khoko la nachesi osadziwa politaya.

"Tinyamuka liti?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Mwati bwanji, Aphunzitsi?" anatero Chun-hwa, akuloza khutu lake logontha.

"Wamva, iwe."

Tinakhala ku Osaka masiku asanu ndi anayi. Akulu akewo anamuzindikira, ndipo anacheza masana onse za anthu amene ine sindinawamvepo. Ndinakhala chete ndithu, ngakhale pamene analakwitsa chaka chimene kunagwa chimphepo chachikulu.

Pepala lija silinapite kukhoti. Mkazi wanga akuphikabe m'nyumba yaing'ono, akuti ndi mowala bwino, koma amaika mbale ziwiri ndipo amagogoda pawindo langa mpunga ukapsa.

Chun-hwa tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu, ndi mahatchi asanu ndi awiri. Kumabwera asilikali opuma, ozimitsa moto, apongozi odana. Anthu pamsika amanena kuti hatchi inandichiritsa. Ine sindinkadwala, ndinangotopa ndi chitunda chija. Timapitako Lachitatu lililonse chifukwa mkazi wanga akuti nkhani zake za m'ma 1990 sanaziyambe n'komwe, ndipo ndagula nsapato zina zogwira bwino pansi.