Nthenga za Kayera

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adada anandibweretsera nkhunda ziwiri m'katoni, atazimangirira kumbuyo kwa njinga. Anakazitenga kwa mnzawo wina ku Kapichila. Ife tinkakhala m'mudzi wina wa kwa Mwase, m'boma la Lundazi, ndipo kwathuko kuweta nkhunda inali ntchito ya anyamata. Koma adada analibe mwana wamwamuna. Amama anawaberekera atsikana atatu, ine chitsirizira. Atakwatira mkazi wachiwiri, aNyaMtonga, poyembekezera mnyamata, nawonso anabereka mtsikana. Dzina lake anali Masozi, ndipo ndinkamuposa ndi chaka chimodzi chokha.

Nyumba ziwirizo zinayang'anizana, pakati pali bwalo lalikulu ndi mtengo wa mango. Amama ankasesa kuchokera pakhonde pathu n'kulekeza pamtengopo, aNyaMtonga nawonso ankayambira kwawo n'kulekeza pomwepo. Palibe amene anajambula mzere, koma tonse tinkaudziwa. Amama anatiletsa kudya kapena kusewera kutsidyako. Masozi ndi ine tinkaphunzira sukulu imodzi, komabe popita iye ankatsalira m'mbuyo, ine patsogolo, ngati ana a midzi iwiri.

"Izi ndi zako, Towela," adada anatero potsegula katoniyo. "Wakhala nambala wani kusukulu. Uzisamale."

Sindikumbukira tsiku lina limene ndinanyada ngati limenelo. Chimene chinandikomera koposa n'chakuti Masozi anaima pakhonde la amake akuonerera, manja ali kumbuyo, ndipo iye sanamubweretsere kanthu.

Adada anandimangira khola pamwamba pa mitengo inayi kuseri kwa nyumba yathu, zipinda zake za makungwa, pambali pali makwerero. Pasanathe chaka nkhunda zinaswana mpaka kudzaza khola. Pakati pa zonsezo panali imodzi yoyera mbee, ya kadontho kofiirira pakhosi. Ndinaitcha Kayera. Ndinkaikonda mwa njira yanga: ndikangoweruka kusukulu ndinkakwera makwerero, kuigwira, kuitembenuza, kuionetsa anzanga, kenako n'kuibweza. Madzi ndinkathira ndikakumbukira. Gaga ndinkamwaza ndikatumidwa.

Sindidziwa tsiku limene zinayamba. Ndinangozindikira kuti masana khola langa limakhala zii, pomwe denga la khitchini ya aNyaMtonga lili yereyere ndi nkhunda. Kuseri kwa khitchiniyo Masozi anaikako phale la mphika wosweka. M'mawa uliwonse ankalitsuka ndi mchenga n'kuthiramo madzi atsopano, ndipo amake akamapeta mawere iye ankatolera zotsalira n'kumwaza pomwepo. Ankakhala pansi phee, osagwira iliyonse, zokha n'kumamuzungulira.

Tsiku lina ndinamudikirira panjira ya kusukulu.

"Usamadyetse nkhunda zanga," ndinamuuza.

"Sindiziitana ine, akulu," anayankha akuyang'ana pansi. "Zimabwera zokha. Zimamva ludzu."

"Ludzu lake ndi lako?"

Mawa lake phale lija linali lodzaza monga mwa masiku onse.

Nanenso ndinaika phale langa, lalikulu kuposa lake. Ndinathira madzi masiku atatu, lachinayi ndinaiwala, lachisanu munali ndere ndi ndowe za nkhuku. Nkhunda zinapitiriza ulendo wawo. Kenako ziwiri zinamanga chisa m'dengu lakale limene linapachikidwa pansi pa denga la aNyaMtonga, osabwereranso kukhola ngakhale madzulo.

Nkhani inafika kuchitsime. Ndinali pomwepo ndi amama pamene mayi wina, akutsuka ndowa yake, anayankhula ngati akuuza mphepo: "Nkhunda sizinama, anzanga. Pakhomo pa phokoso sizikhalapo." Ena anaseka chamumtima. Amama anali munthu wa pakamwa pakuthwa, mudzi wonse unkadziwa, koma tsiku limenelo anangotola nkhata yawo. Anasenza ndowa, ndipo pofika kunyumba anaitula mwamphamvu mpaka madzi anatayikira pamapazi.

Chimene chinandimaliza chinachitika Lamlungu lina titabwera kutchalitchi. Adada anakhala pa kampando kawo pansi pa mango, malo okhawo amene anali a nyumba zonse ziwiri. Masozi anatuluka ndi mawere m'dzanja. Kayera, amene kwa ine ankathawa mpaka ndim'panikize pakona ya khola, anauluka kuchoka padenga n'kutera paphewa pake, kenako anatsikira pamkono n'kuyamba kujompha m'chikhatho. Adada anaseka mpaka kuwomba m'manja.

"Taonani mwana uyu! Ali ndi dzanja la ziweto ameneyu."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Nkhunda zinali zanga. Nambala wani ndinali ine. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pamphasa chovala cha kutchalitchi chili m'thupi, m'chifuwa mukutentha ngati ndameza khala. Sindinkafuna kuti Masozi afe kapena adwale. Ndinkangofuna kuti aime pakhonde paja, manja ali kumbuyo, akhale wopanda kanthu monga tsiku loyamba lija.

Unali mwezi wa Juni, nthawi yokumba mtedza, kukuzizira. Kayera anali ataswa maunda awiri, a masiku ochepa chabe, thupi lopanda nthenga, tiubweya tachikasu apa ndi apo. Lolemba ndinaweruka msanga, anthu onse ali kumunda. Ndinakwera makwerero, ndinam'chotsa pa ana ake, n'kukhala naye pansi kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndinali nditamvapo anyamata akunena kuti nkhunda yatsopano ukaizula nthenga zazitali za phiko limodzi siithawa. Ndinatambasula phiko lamanja. Mtima wake unkagunda m'dzanja langa, mofulumira kwambiri. Nthenga yoyamba inavuta, ndinachita kukoka kawiri, ndipo kunsonga kwake kunali kadontho ka magazi. Zinazo zinatuluka mosavuta. Kayera sanalire. Nkhunda siilira ukamaipweteka, imangokuyang'ana ndi diso limodzi.

Nthengazo ndinalephera kuzitaya. Zinali zokongola kwambiri. Ndinaziika pansi pa thumba langa la mabuku.

Madzulo ake anayesa kuuluka kuchoka pakhola, anazungulira mumlengalenga ngati tsamba, n'kugwera pansi. Kubwerera pamwamba sanathe. Ndinkachita kumukweza ndekha kuti akafungatire ana, ndipo ndinakondwa. Tsopano ankandifuna.

Koma mawa lake nditabwera kusukulu ndinaona chimene sindinachiganizire. Kayera anali pakati pa bwalo akuyenda wapansi, mutu ukugwedezeka, kulunjika kuphale la Masozi. Anadutsa pa mango paja osaima. Masozi anamunyamula, anatambasula phiko lija, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kwathu. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko.

Lachitatu masana tinali pakhonde ndi amama tikuthothola mtedza, adada ali pansi pa mango akukonza tcheni cha njinga. Kayera anayambanso ulendo wake wapansi. Atafika poyera, pamene panalibe mthunzi kapena chobisalapo, tambala analira kulira kochenjeza kuja. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Nkhunda zonse zinanyamuka nthawi imodzi, phaphapha, kubalalika. Kayera yekha anathamanga akukupiza phiko limodzi, kuzungulira pamalo amodzimodzi. Kabawi anatsika ngati mwala. Ndinamva kaphokoso kochepa chabe, ndipo pamene adada ankaponya sipanala n'kukuwa, anali atakwera kale kupitirira mitengo ya kudambo, chinthu choyera chikulendewera kumapazi.

Pabwalo panatsala tinthenga tating'ono tikuuluzika.

"Bwanji siinauluke?" adada anafunsa. "Nkhunda yamphamvu ngati imene ija?"

Masozi anali ataima pafupi ndi phale lake, misozi ikutsika. Adada anamufunsa iyeyo, poti ndiye ankaigwira kawirikawiri.

"Kaya, adada," anatero. "Mwina inkadwala."

Mungaganize kuti ndinamuthokoza mumtima. Ayi. Ndinamuda koposa kale. Anali atandilanda nkhunda, atandilanda kuseka kwa adada, ndipo tsopano anali wabwino kuposa ine pamaso panga ndemwe.

Yaimuna ya Kayera inadyetsa maunda aja tsiku limodzi, kenako inangowasiya. Loweruka m'mawa nditakwera makwerero ndinapeza limodzi litauma ndi chisanu. Linalo linkatsegula kukamwa popanda mawu, pakhosi pali phwa. Ndinalitsitsa, ndinayesa kuliika gaga m'kamwa ndi kamtengo, koma linkangomulavula. Ndili pomwepo, amama anatulukira kuseri kwa nyumba. Anali akuchapa thumba langa la mabuku, ndipo m'dzanja lawo lonyowa munali nthenga zisanu ndi ziwiri zoyera.

Ndinadikira khofi. Sanandimenye. Anakhala pa mtondo wogona, anayang'ana nthengazo, n'kundifunsa motsitsa mawu, mosiyana ndi chizolowezi chawo.

"Unkafuna chiyani?"

"Inkapita kwa Masozi," ndinatero ndikulira. "Inali yanga. Ndipo anthu kuchitsime amakusekani."

"Usandiikemo ine," anandidula. Anayang'ana pabwalo. "Ukuganiza kuti ine sindimva kuwawa? Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuona munthu akuwoloka bwalo limeneli. Koma sindinam'thyolepo mwendo."

Sindinamvetse zonse tsiku limenelo, koma ndinadziwa kuti andiuza chinthu chimene sanauzepo akulu anga.

Anaimirira, anamanga chitenje bwinobwino, anatenga kadengu n'kuyalamo sanza, n'kuikamo bunda lija. "Tiye."

Titafika pa mango ine ndinaima. Iwo anapitirira, ndipo ndinachita kuwathamangira.

"Odi kuno!"

ANyaMtonga anatuluka m'khitchini akupukuta manja, nkhope ili yodabwa. "Odini, akulu. Monire." Anathamangira mphasa n'kuyala. Amama anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mphasayo, msana uli chilili.

"Akuti kwanu munkaweta nkhunda," anatero. "Mwana wanu amadziwa kulera izi. Wangayu amadziwa kuzula. Amuphunzitse."

Masozi sanandiyang'ane. Anatenga mawere amene anali atanyika m'madzi ndi mtedza pang'ono, anatafuna mpaka kusalala, kenako anatenga bunda lija n'kulowetsa kamlomo kake pakati pa milomo yake. Kanthu kaja kanayamba kunjenjemera, kukupiza timapiko topanda nthenga, kumeza. Pakhosi pake panayamba kutupa pang'onopang'ono.

"Yesani, akulu," anatero pondipatsa.

Ndinanyansidwa. Linkanunkha khola, ndipo kamlomo kake kanali kofewa, kofunda, kakufufuza m'kamwa mwanga. Ulendo woyamba ndinalavula. Wachiwiri linameza. ANyaMtonga anati ligone m'khitchini mwawo pafupi ndi mafuwa, poti mumafunda, ndipo amama anavomera ndi mutu. Anamwa madzi amene anapatsidwa, anati yewo pothokoza, n'kubwerera kukachapa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawoloka bwalo m'mawa ndi madzulo. Poyamba tinkadyetsa osayankhulana. Kenako tinayamba kukangana za amene watafuna bwino. Tsiku lina ndinadya mbatata yootcha pakhonde lawo, amama akuona, ndipo sananene kanthu. Sindinama kuti akazi awiriwo anasanduka mabwenzi. Anapitiriza kupatsana moni wa patali mpaka adada anamwalira. Adada nawo sanadziwe konse za nthenga zija, kapena anadziwa n'kusankha kukhala chete.

Bunda lija linakula, linamera nthenga zotuwa, losakongola ngati make. Ndinalidyetsa ndi pakamwa panga milungu itatu. Litayamba kuuluka, linasankha Masozi. Linkamutsatira mpaka kuchitsime, ndipo kukhola langa silinagonemo ngakhale tsiku limodzi. Zinandiwawa, ndisabise. Ndinkaliona paphewa pake, moto uja n'kuyakanso m'chifuwa. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ndinkadziwa kumene moto umenewo umathera, ndipo ndinkaika manja anga m'khwapa mpaka uzilale.

Lero ndili ndi zaka zopitirira makumi anayi. Ndimakhala ku boma, ndimasoka zovala pamsika, ndipo ndili ndi mwana wamkazi mmodzi, Lusungu. Masozi anakwatiwa kufupi ndi Lukusuzi, amalima ndi kuweta mbuzi. Chaka chatha Lusungu sanakhoze mayeso ake, ndipo munthu woyamba kumuuza sanali ine. Anaimbira foni amake aang'ono, analira nawo nthawi yaitali, ine n'kudzamva madzulo. Tchuthi chilichonse amapempha kupita kumeneko. Akabwera amati, "Amama aang'ono amamvetsera, inu mumafulumira kuyankha."

Ndinkaganiza kuti nsanje ndi matenda a ubwana, kuti munthu akakula amachira. Sizili choncho. Imabwera ndithu, ndi mawu ake okoma: mwanayu ndi wako, unamubereka ndiwe, muletse. Ndipo ndikudziwa kuti ndikhoza. Ndikhoza kunena kuti ulendo ndi wautali, kuti kunyumba kuli ntchito, ndipo angamvere. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti chamoyo chikamapita kwina chimakhala chikukuuza chimene chikusowa kwa iwe, ndipo ukachitsekera njira sichisiya kufuna, chimangopita movutika ndi moopsa.

Sabata yatha Lusungu anabwera kumene ndimasokera, anaima pakhomo akupotokola chala, n'kufunsa ngati angabwereke foni yanga kuti ayankhule ndi amake aang'ono. Nkhope yake inkaonetsa kuti pali nkhani. Ndinaimitsa makina, ndinamupatsa foniyo, ndipo ndinatuluka kukaima panja kuti ayankhule momasuka. Atamaliza anandipeza pomwepo. Sindinamufunse kanthu. Tinaima kanthawi tikuonerera njinga zikudutsa, kenako anati, "Amama, mukhoza kukhala pansi? Koma musayankhe msanga."

Ndinakhala pansi, ndinatseka pakamwa.