Choko Chobiriwira cha Mbendera

Ndili mu Giredi 5 ku Kabwata, aphunzitsi athu anabwera ndi kalendala yakale yomwe mlongo wawo anapatsidwa kunyumba ya mzungu ku Kabulonga. Patsamba lina panali thambo la dziko lozizira la kumpoto, kuwala kobiriwira kukulendewera ngati nsalu zoyanika pawaya. Anati kumeneko thambo limachita zimenezo lokha. Sitinakhulupirire, koma sitinatsutse.

Anatigawira mapepala akuda ndi tizidutswa ta choko chamitundu kuti tijambule thambolo. Tinkang'amba pepala lina mokhotakhota, kulipaka choko m'mphepete, kulisanjika pa lakudalo, kenako kukankhira fumbi lake m'mwamba ndi chala chachikulu. Ine masamu ankandikana, kuwerenga chimodzimodzi, koma izi chala changa chinazigwira msanga. Aphunzitsi anakweza pepala langa kuti onse aone. Kanali koyamba chinthu changa kukwezedwa popanda wina kuseka, ndipo ndinakondwa kwambiri.

Koma chokocho chinali cha mbendera. Ahedi anachipereka kuti sabata ya Ufulu kalasi iliyonse ijambule mbendera pabolodi, a chipani adzaone poyendera. Mbendera yathu ndi yobiriwira pafupifupi yonse, ndipo m'tauni choko chotero chinali chitasowa monga ankasowera sopo ndi shuga. Chobiriwira chathu chonse chinali chitathera pa mapepala aja.

M'mawa wa tsiku loyenderalo ahedi anaima pakhomo. "Ba ticha, gilini ili kuti? Ba chipani babwela na teni. Muzabauza imwe mweka."

Aphunzitsi anali atangoyamba ntchito chaka chomwecho, ndipo ngakhale ife ana tinkadziwa kuti mawu amodzi a chipani ankatha kuponya munthu kusukulu ya kutchire. Anajambula malire a mbendera, mizere yake ndi nkhwazi, n'kutembenuka. "Bana, letani mapepala yanu."

Tinafola, aliyense kupukutira thambo lake pabolodi. Langa ndinalikhalira. Anzanga onse atatha, ngodya ina ya mbendera inali idakali yakuda. Aphunzitsi anangondiyang'ana. Ndinanyamuka. Langa ndiye linali ndi choko chambiri, moti linakwanira.

A chipani analowa, tinaimba, anatuluka. Aphunzitsiwo anakhala pasukulupo zaka zambiri.

Pepala langa ndinapita nalo kunyumba. Amayi analitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti nanga chojambula chimene ndinkawasokosera nacho sabata yonse chili pati.